Mayi afooka chisamukireni kumudzi wa okalamba: kodi ndi ukalamba chabe?

Funso

Mayi anga ali ndi zaka 82. Miyezi itatu yapitayo tinawasamutsira kumudzi wosamalirako okalamba, komwe ali ndi chipinda chawochawo, amawaphikira, kuwachapira ndi kuwapatsa mankhwala. Popita kumeneko ankayenda okha ndi ndodo ndipo ankacheza bwinobwino. Pano agwa kawiri, zovala zayamba kuwakulira, masana amangosinza, ndipo sabata yathayi anandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Amamwa mankhwala a BP, a shuga, ndi ena ogonetsa amene anawayambitsa atafika kumeneko. Ogwira ntchito akuti ndi ukalamba basi. Ndivomereze, kapena ndikawatenge?

Yankho

Musavomereze, koma musathamangirenso kukawatenga. Ukalamba sufulumira chonchi. Umamulanda munthu mphamvu pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Munthu amene ankayenda yekha ndi kucheza bwino miyezi itatu yapitayo, lero n'kumagwa, kuwonda ndi kusokoneza mayina, pali chimene chamufooketsa, ndipo kawirikawiri zimakhala zinthu zitatu kapena zinayi zimene zikukokerana pansi. Zambiri mwa izo zimapezeka ndipo zimachizika. Mukawatenga musanazipeze, mungosamuka nazo.

Pali chimodzi chimene sichingadikire. Mayi agwa kawiri, kenako asokonezeka mutu. Ziwirizi zikatsatizana, dokotala awaone mawa kapena mkuja, osadikira tsiku limene anawalembera mwezi wamawa. Munthu akamakula ubongo umanyala pang'ono, choncho timitsempha timene timachoka pa ubongo kupita kuchigaza timakhala tokokeka. Kugunditsa mutu, ngakhale pang'ono, kungadule kamtsempha kamodzi, magazi n'kumadontha mkati mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaoneka patapita milungu iwiri, inayi kapena kuposerapo, aliyense ataiwala za kugwako. Ngoziyi imakula ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ngakhalenso aspirin. Mutu ukamawawa osaleka, akamasanza, mbali imodzi ya thupi ikafooka, pakamwa pakapotoka kapena akamavuta kudzutsa, pitani nawo kuchipatala lero lomwe.

Kusokoneza mayina kuja musakutche msanga matenda oiwalaiwala. Matenda amenewo amakwawa miyezi ndi zaka, ndipo mwini wake amakhala ali maso bwinobwino. Kusokonezeka kwadzidzidzi, kumene madokotala amati delirium, kumayamba m'maola kapena m'masiku ochepa, ndipo kumasinthasintha tsiku lomwelo: m'mawa akukudziwani, madzulo akufunsa kuti ndinu yani. Chimene chimatayika kwambiri ndi kutsatira nkhani. Mungawayese nokha mwaulemu: apempheni atchule miyezi chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Munthu amene ankatha kuchita zimenezi kale koma lero akulephera kufika pa Juni, kapena akusinza pakati pa funso, ayenera kupimidwa. Anthu ambiri amayembekezera kuti wosokonezeka azilongolola ndi kufuna kuthawa. Mtundu umene umaphonyedwa kwambiri ndi wa munthu wongokhala ndwii, wosadandaula, wosinza pampando. Ameneyu savutitsa aliyense, n'chifukwa chake amatha milungu osamuzindikira.

Delirium ndi chizindikiro chakuti penapake m'thupi sipali bwino, ndipo ntchito ya dokotala ndi kupeza pamenepo. Chibayo mwa okalamba chimabwera nthawi zambiri popanda kutentha thupi; werengani kapumidwe kawo ali phee, ndipo akamapuma kuposa ka 25 pa mphindi, nenani msanga. Funsani tsiku limene anachita chimbudzi komaliza. Kudzimbidwa kokhako kumasokoneza mutu wa munthu wamkulu, ndipo kumanamiza: chimbudzi cholimba chikatsekereza, chamadzimadzi chimadutsa m'mbali, osamalira n'kuyesa kutsekula m'mimba, n'kupereka mankhwala oimitsa amene amangokulitsa vutolo. Chikhodzodzo chingathenso kudzaza osatulutsa mkodzo wonse. Ululu umene sakuutchula, monga wa nthiti kapena chiuno chimene chinang'aluka pogwa, nawonso uyenera kufufuzidwa. Magazi ayezedwe kuti aone mchere wa sodium, kagwiridwe ntchito ka impso, kuchuluka kwa magazi, chithokomiro ndi vitamini B12, amene amatsika mwa anthu omwa mankhwala a shuga a metformin zaka zambiri. Chenjezo limodzi pa mkodzo: amayi ambiri okhala m'malo ngati amenewa amakhala ndi tizilombo mumkodzo popanda kudwala. Kapepala koyezera mkodzo kakasintha mtundu, kufufuza kusathere pomwepo. Ambiri amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, pomwe chenicheni chimene chawasokoneza sichinapezeke.

Tsopano mankhwala, pakuti m'nkhani yanu ndi amene tikuwakayikira kwambiri. Pemphani pepala limene amalembapo mankhwala onse amene mayi akulandira, mlingo wake ndi nthawi yake, muliyerekeze ndi zimene ankamwa asanasamuke. Onjezanipo ogula okha, azitsamba ndi odontheza m'maso. Akafika mitundu isanu kapena kuposerapo, mwayi woti akulimbana m'thupi umakula. Mu 1991 dokotala wa ku America, Mark Beers, analemba mndandanda wa mankhwala amene amavulaza okalamba kuposa mmene amawathandizira, ndipo anaulemba poganizira anthu okhala m'nyumba zosamalirako okalamba. Bungwe la American Geriatrics Society limaukonza nthawi ndi nthawi, ndipo linaukonzanso mu 2023. Mankhwala ogonetsa ali pamndandandawo. Tengani diazepam: thupi la munthu wa zaka 80 limatenga masiku atatu kapena anayi kuti lichotse theka chabe la piritsi limodzi. Akamamwa usiku uliwonse, la lero limapeza la dzulo ndi la dzana akadali m'magazi. Zotsatira zake ndi zimene mwafotokozazo: kusinza masana, kuyenda dzandidzandi, kuiwala. Amitriptyline, promethazine ndi chlorpheniramine, amene ena amawapereka kuti munthu agone, amaumitsa kukamwa, kudzimbitsa, kutsekereza mkodzo ndi kusokoneza mutu. Musawasiyitse nokha mwadzidzidzi. Amene wamwa diazepam milungu ingapo ayenera kuchepetseredwa pang'onopang'ono ndi dokotala, apo ayi akhoza kunjenjemera, kusowa tulo kotheratu, ngakhale kukomoka.

Pali chinthu china chimene chimachitika munthu akangolowa m'malo osamalirako, ndipo achibale sachiganizira. Ali kwawo, okalamba ambiri samwa mapiritsi onse amene analemberedwa. Amaiwala ena, ena amawadumpha dala chifukwa amawachititsa chizungulire kapena kuwakodzetsa. Dokotala poona kuti BP kapena shuga sakutsika amaonjezera mlingo, osadziwa kuti theka la mankhwalawo likutsala m'botolo. Akafika kumalo kumene namwino amapereka piritsi lililonse pa nthawi yake, thupi limalandira mlingo wonse koyamba. Palibe amene walakwitsa, koma BP ndi shuga zimatsika kupitirira muyeso.

N'chifukwa chake BP iyezedwe ali chigonere komanso ataimirira. Agone mphindi zisanu, ayezedwe, aimirire wina atawagwirira, ayezedwe pakatha mphindi imodzi, kenakonso pakatha mphindi zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ikatsika ndi 10, ndiye kuti magazi sakufika mokwanira kumutu akadzuka, ndipo kugwa kwawo kwapeza chifukwa chimodzi. Kuyeza ali pampando kokha sikuonetsa zimenezi. Chitani m'mawa, pamene vutoli limakula. Shuga naye ayezedwe m'mamawa asanadye ndiponso nthawi imene akusinzayo. Akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, apatsidwe msanga magalamu 15 a shuga, omwe ndi masupuni aang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, ngati akutha kumeza, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Mwa mankhwala a shuga, glibenclamide ndi woopsa kwambiri pa msinkhu uwu chifukwa amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikafooka. Munthu amene wachepetsa kudya koma mlingo wa mankhwala uli womwewo ali pa ngozi tsiku lililonse. Kwa wokalamba wofooka, madokotala amalola shuga kukwererako pang'ono, HbA1c (muyeso wa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu) yofika cha pa 8 peresenti, chifukwa kutsika kwa shuga kumapha msanga kuposa kukwera pang'ono.

Yang'ananinso ngati piritsi lina silinabwere kudzachiza mavuto a linzake. Mwachitsanzo, amlodipine, mankhwala a BP, amatupitsa mapazi. Wina poona kutupako amalemba furosemide. Furosemide amakodzetsa, ndipo akamwedwa madzulo munthu amadzuka katatu usiku. Akadandaula za tulo amapatsidwa ogonetsa, ndiye amadzuka kupita kuchimbudzi mumdima mutu uli wolemera, n'kugwa. Mapiritsi atatu, vuto loyamba linali limodzi. Funso loyenera kufunsa dokotala pa mankhwala alionse ndi lakuti: awa ndi a chiyani, ndipo chingachitike n'chiyani atachepetsedwa kapena kusiyidwa? Ngati pali ululu wa mafupa, paracetamol womwa pa nthawi yake ndi wabwino kuposa ibuprofen kapena diclofenac, amene amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba mwa okalamba.

Tulo tingakonzeke popanda piritsi. Akhale panja kapena pawindo lowala m'mawa kwa theka la ola, asagone masana kupitirira theka la ola, tiyi ndi khofi zithere masana, mankhwala okodzetsa amwedwe m'mawa. Funsani nthawi imene amawagoneka. M'malo ambiri anthu amagonekedwa 7 koloko madzulo kuti ntchito ithe ogwira usiku asanafike. Munthu wogona 7 koloko akadzuka 2 koloko usiku wagona maola 7, ndipo tulo take takwana. Ameneyo safunika mankhwala.

Zovala zikayamba kukula, sikelo ndiyo inene zoona. Malo abwino amayeza munthu tsiku lofika ndiponso mwezi uliwonse. Kwa mayi pano, sabata iliyonse, m'mawa, pa sikelo yomweyo. Kutaya 5 peresenti ya kulemera kwa thupi m'mwezi umodzi, kapena 10 peresenti m'miyezi 6, ndi chizindikiro choopsa. Kwa munthu wa makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu atatu m'mwezi kapena 6 m'theka la chaka. Ngati palibe pamene analemba kulemera kwawo pofika, mwaphunzirapo kanthu za malowo.

Chifukwa chimene sakudyera mudzachiona mukakhala nawo pa chakudya, osawadyetsa, kungoyang'ana. Mano oikirira amakhwepa munthu akawonda, amapweteka nkhama, ndiye amasiya nyama n'kumadya zofewa zokha, n'kuwonderatu. Yang'anani m'kamwa ngati muli zoyera zomatirira pa lilime kapena zilonda. Onani ngati mbale imachotsedwa asanamalize, ngati akutha kudula chakudya, ngati mpando uli kutali ndi tebulo. Akamatsokomola pomwa, mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi atameza, kapena chakudya chikamatsalira m'masaya, kamezedwe kawo kayezedwe ndi katswiri, chifukwa zolowera kumapapo zimabweretsa chibayo. Adye atakhala tsonga, ndipo asagone mpaka patatha theka la ola. Kutsuka mano ndi lilime kawiri pa tsiku kumaoneka nkhani yaing'ono, koma kafukufuku amene anachitika m'nyumba 11 za okalamba ku Japan, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti amene ankatsukidwa m'kamwa mosamala ankadwala chibayo ndi kufa nacho mocheperapo.

Wokalamba amafuna zakudya zomanga thupi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira: galamu imodzi mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo wodwala kapena wowonda mpaka 1.5, pokhapokha ngati impso zili ndi vuto lalikulu. Kwa makilogalamu 60, ndi magalamu 60 mpaka 72. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, nyama kapena nsomba yophika yokula ngati chikhatho ili ndi pafupifupi 25. Zigawidwe pa chakudya chilichonse. Munthu wosowa chilakolako amadya bwino pang'onopang'ono kasanu kapena ka 6 pa tsiku kusiyana ndi mbale zitatu zodzaza. Ndipo kwa mayi amene akuwonda, malamulo okhwima oletsa ichi ndi icho chifukwa cha shuga afewetsedwe; kusadya n'koopsa kuposa.

Madzi nawo. Ludzu limachepa ndi msinkhu, ndipo amayi ambiri amadzimana kumwa dala poopa kudzikodzera kapena kuvutitsa anthu. Akatswiri a zakudya a ku Ulaya amalangiza malita 1.6 a zakumwa pa tsiku kwa amayi ndi malita awiri kwa abambo, kupatula amene dokotala anawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Kutsina khungu kapena kuyang'ana mtundu wa mkodzo sikudalirika pa msinkhu uwu. Chodalirika ndi kulemba makapu amene amwadi kwa masiku atatu. Jagi yodzaza yoikidwa patebulo si kumwa. Kapu iperekedwe m'manja, ndipo adziwe kuti akafuna kuchimbudzi wina abwera msanga.

Chotsatirachi n'chovuta kuchivomereza, chifukwa chimachokera pa chisamaliro chenichenicho chimene mukulipira. Ali kwawo, mayi ankadzuka pampando mwina maulendo makumi angapo pa tsiku: kukatenga madzi, kutsegula chitseko, kuyala bedi, kutsuka kapu. Zimenezo ndizo zinkasunga miyendo yawo. Pano zonse zikuwapeza pomwe akhala. Mu 2007 ofufuza a ku Arkansas ku America anagoneka pabedi anthu athanzi a zaka za m'ma 60 kwa masiku 10 okha, ndipo anapeza kuti, pa avareji, munthu mmodzi anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Amenewo anali athanzi. Wa zaka 82 amayamba ali kale ndi mnofu wochepa, ndipo kuubweza kumatenga nthawi yaitali kuposa kuutaya. Akagwa kamodzi, mantha amawagwira, osamalira nawonso amaopa, ndiye amayamba kuwakankha pa njinga ya olumala kupita kodyera chifukwa n'kwachangu. Miyendo imafookerabe, kugwa kwachiwiri kumayandikira.

Mphamvu zawo zingayezedwe ndi mpando ndi wotchi. Akhale pampando wa mikono, adzuke, ayende mamita atatu ndi ndodo yawo, atembenuke, abwerere n'kukhala. Masekondi 12 kapena kuposa akusonyeza ngozi yakugwa. Lembani nambalayo, idzakuthandizani kuona ngati zinthu zikusintha. Kenako pemphani wa mafizo awaone ndi kuwalembera zochita. Ndondomeko yodziwika bwino ndi ya Otago, imene inakonzedwa pa yunivesite ya Otago ku New Zealand: zolimbitsa miyendo ndi zophunzitsa kuima osapepesuka kwa theka la ola katatu pa sabata, kuphatikizapo kuyenda kawiri pa sabata. Pa okalamba okhala m'nyumba zawo inachepetsa kugwa ndi pafupifupi 35 peresenti, ndipo inathandiza kwambiri a zaka 80 kupita m'tsogolo. Poyambira pa munthu wofooka ndi apa: kudzuka ndi kukhala pampando kasanu, kawiri pa tsiku, n'kumaonjezera mpaka ka 10, kunyanyamphira atagwira chitsulo kapena tebulo lolimba ka 10, kuima mapazi ataphatikizana masekondi 10, kenako phazi lina patsogolo pa linzake. Wina akhale pambali nthawi zonse. Masewera ochitira pampando, okweza manja ndi kuwomba m'manja, amasangalatsa ndipo ndi abwino, koma saletsa kugwa, chifukwa munthu amagwa ataimirira. Ayende wapansi kupita kodyera ngakhale zitenge mphindi 10. Funsaninso dokotala za vitamini D, amene amasowa mwa anthu osatuluka padzuwa, ndi za kulimba kwa mafupa awo.

Wina akakuuzani kuti awaikira zitsulo m'mbali mwa bedi kapena lamba pampando kuti asagwenso, kanani. Munthu wosokonezeka amakwera pamwamba pa zitsulozo n'kugwa kuchokera patali, ndipo ena amapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Bedi lotsika, lakuti akakhala mapazi aziponda pansi, ndilo lothandiza.

Chipinda chiyang'aneni usiku. Kwawo ankadziwa njira ya kuchimbudzi ali chitsinzinire. Kuno ndi kwachilendo. Pakhale nyali yosazima kuchokera pabedi mpaka kuchimbudzi, zogwirira pakhoma pafupi ndi mtondo wa chimbudzi ndi mosambira, belu pamene dzanja lifika ali chigonere. Timakapeti toterereka tichoke. Nsapato zikhale zotseka kuchidendene, zosaterera. Masokosi okha ndi nsapato zongopisa phazi zagwetsa anthu ambiri. Chigwiriro cha ndodo chifike pamfundo ya dzanja ataimirira manja ali pansi, mphira wa kunsi ukhale wosaperepeseka, ndipo igwiridwe ku dzanja la mbali ya mwendo wamphamvu. Maso ayezedwe ng'ala, makutu aonedwe phula. Munthu amene sakumva bwino amayankha zosemphana, anthu n'kumati wasokonezeka. Pa kugwa kulikonse payenera kukhala lipoti lonena nthawi, malo, chimene ankachita ndi chimene anavala kuphazi. Muwerenge malipoti awiriwo. Ngati kugwa konse kunachitika m'bandakucha panjira ya kuchimbudzi, yankho lili pomwepo.

Popeza akukhala pansi nthawi yaitali ndipo awonda, khungu lionedwe tsiku lililonse pa zidendene, kumapeto kwa msana ndi m'mbali mwa chiuno. Pa khungu lakuda chilonda choyamba sichioneka chofiira. Pamada kuposa pozungulira, pamatentha kapena kulimba, ndipo pamapweteka. Pamenepo pasasisitidwe, ndipo asakhalire pilo wa bowo pakati. Chofunika ndi kuchotsapo kulemera: kusintha kakhalidwe pafupipafupi, kutembenuzidwa maola awiri mpaka anayi alionse ngati sakutha okha, ndi kuika pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilenjekeke.

Zonsezi zikakonzedwa, patsala mtima wawo. Mayi asiya nyumba, anansi, ndi ntchito zimene zinkawadzutsa m'mawa. Matenda ovutika maganizo mwa okalamba sabwera ndi misozi nthawi zonse. Amabwera ndi kusadya, kusafuna kudzuka, kuyankha kuti "sindikudziwa" pa chilichonse. Amachizika pa msinkhu uliwonse, ndipo pali mafunso 15 amene namwino angawafunse m'mphindi zochepa kuti aone. Koma mankhwala sangalowe m'malo mwa kukhala ndi chochita. Mu 1976 Ellen Langer ndi Judith Rodin anafalitsa zimene anayesa m'nyumba ina ya okalamba ku Connecticut. Gulu lina analiuza kuti lizisankha lokha kakonzedwe ka chipinda ndi tsiku loonera kanema, ndipo aliyense anapatsidwa duwa loti azilithirira yekha. Gulu linalo analiuza kuti ogwira ntchito aziwachitira zonse, ngakhale kuthirira duwalo. Patangotha milungu itatu, a gulu loyamba anali ochangamuka, ochezeka ndi osangalala kuposa anzawo. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, koma zimene anaonetsa amazidziwa aliyense wogwira ntchito imeneyi. Afunseni mayi chimene akuchisowa. Ayale bedi lawo, apinde zovala zawo, asankhe chovala ndi nthawi yosamba, akhale ndi mbewu yoisamalira kapena munthu womuphunzitsa zimene amadziwa. Lemberani ogwira ntchito tsamba limodzi lonena kuti mayi ndi ndani, ankagwira ntchito yanji, amafuna kuitanidwa bwanji, amapemphera motani. Kubwera kwanu kwa theka la ola katatu pa sabata kumawathandiza kuposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi.

Nanga malowo ndi oyenera? Choyamba werengani pangano limene munasaina. Midzi ya okalamba ili ndi magawo: ena ndi a anthu odzidalira amene amangofuna nyumba ndi anzawo, ena ndi a ofuna kuthandizidwa kusamba, kuvala ndi mankhwala, ena ndi a ofuna namwino usana ndi usiku. Mwina mayi analembedwa m'gawo limene linkawayenera pofika koma pano lachepa. Kenako pemphani msonkhano ndi woyang'anira ndi namwino, mupite ndi zimene mwaona zolembedwa, ndi masiku ake. Lankhulani ngati wofuna kugwira nawo ntchito. Amene amasambitsa mayi m'mawa uliwonse amadziwa zambiri, ndipo kawirikawiri safunsidwa. Mutuluke ndi dongosolo lolembedwa: ndani aunika mankhwala ndipo liti, ndani ayeza BP ataimirira, sikelo tsiku liti, ndani aziyenda nawo.

Fikaninso osanena, nthawi ya chakudya, madzulo ndi Lamlungu. Werengani mphindi zimene belu limalira lisanayankhidwe. Funsani kuti usiku pamakhala ogwira ntchito angati pa anthu angati, ndiponso ngati nkhope zimasintha mwezi uliwonse. Onani ngati anthu amene amatha kupita kuchimbudzi akuvekedwa matewera pofuna kuchepetsa ntchito, ndi ngati ambiri akusinza m'mipando 10 koloko m'mawa. Nkhanza zilipo ndipo siziyenera kuponyedwa kunkhongo: bungwe la WHO limanena kuti m'malo otere, ogwira ntchito awiri mwa atatu alionse amene anafunsidwa anavomera kuti anachitirapo wokalamba nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi, kuphatikizapo kukalipira ndi kunyalanyaza. Mikwingwirima mkati mwa mikono kapena ntchafu, mayi kungoti zii wogwira ntchito wina akalowa, ndalama kapena katundu kusowa, kukanizidwa kuwaona muli awiri: zimenezi mukaziona, achotseni msanga ndipo kanenani ku ofesi ya boma imene imayang'anira malo oterewa.

Ngati zimenezo palibe, apatseni milungu inayi dongosolo lija likugwira ntchito. Kusamukanso nakonso kumasokoneza munthu amene mutu wake sunakhazikike, choncho kusachitike mwaphuma. Pakutha pa milunguyo sikelo ikhale itaima kapena kuyamba kukwera, masekondi a pampando aja atsike, ndipo azikhala maso masana. Mutu ukhoza kuchedwerapo, chifukwa delirium imatenga milungu, nthawi zina miyezi, kuti itheretu, ndipo kuyeza matenda oiwalaiwala kudikire mpaka pamenepo. Koma akakana kukuonetsani pepala la mankhwala ndi malipoti a kugwa, kapena mwezi ukatha palibe chimene chachitika, funani malo ena. Mayi anene maganizo awo pa nthawi ya tsiku imene mutu wawo uli bwino, akaone okha malo atsopanowo, ndipo asamuke m'mawa, ndi magalasi, mano, ndodo ndi zofunda zimene anazolowera, pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena mankhwala amene asiyidwa ndi chifukwa chake, kuti kumaloko asakawayambitsenso.